Zowonjezera m'chakudya cha nkhuku za broiler: zofunika ndi ziti, muyeze bwanji, musakanize bwanji

Nkhuku zafika masabata asanu ndi limodzi, matumba a chakudya atha, koma pasikelo zikungolemera kilogalamu imodzi ndi theka. Zina miyendo yapindika, zina nthenga zili patalipatali. Zikatere alimi ambiri amathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto kukagula mankhwala onenepetsa otchedwa booster, chonsecho vuto linayambira pa tsiku losakaniza chakudya. Chowonjezera chimagwira ntchito pokhapokha ngati chikutseka mpata umene ulipodi m'chakudyacho, chayezedwa bwino, ndipo chafika m'kamwa mwa nkhuku iliyonse mofanana. Miyezo ili m'munsimu ndi ya chakudya cha makilogalamu 100, chopangidwa ndi chimanga ndi soya.

Zofunika kukhala nazo

- Sikelo yaing'ono ya batire yoyeza magalamu, ndi ina yopachika yofika makilogalamu 50
- Beseni louma, ndowa, sefa, fosholo, ndi tenti kapena pasimenti posesa bwino
- Chimanga chogaya mokhakhala, soya wokazinga wogaya, ndi keke ya soya (zotsala akafinya mafuta mu soya)
- Premix ya broiler (ufa wosakaniza kale wa mavitamini ndi maminero), yolembedwa starter (ya anapiye) kapena finisher (yomalizira)
- DL-methionine ndi L-lysine, tizigawo ta mapuloteni timene thupi limamangira mnofu
- MCP kapena DCP (ufa wopereka phosphorus wolimbitsa mafupa), laimu wa ziweto, ndi mchere wosalala
- Mankhwala omanga poizoni wa chuku, amene m'masitolo amati toxin binder
- Kope ndi cholembera

Sikelo yaing'onoyo musaione ngati yongokometsera. Supuni ndi kachitini ka machesi sizingayeze magalamu 200 a lysine, chifukwa ufa uliwonse uli ndi kulemera kwake. Amene alibe sikeloyi angachite bwino kugula chakudya chosakaniza kale.

1. Dziwani kaye chakudya chimene muli nacho

Chakudya cha m'matumba cha kukampani, chokhala ndi lebulo yonena mlingo wa mapuloteni, chimabwera ndi mavitamini, mchere, methionine ndi zonse. Kuthiramo premix wina n'kutaya ndalama, ndipo nthawi zina n'kuwononga, chifukwa mchere ukachuluka nkhuku zimamwa madzi kwambiri ndi kunyowetsa utuchi. Ngati mukudyetsa chotere, pitani pa nambala 6.

Pali concentrate, amene mumangosakaniza ndi chimanga pa mlingo wolembedwa pathumba. Nayenso ali ndi zonse kale. Cholakwika chimene chimachitika apa n'kuwonjezera chimanga kapena madeya kuti chakudya chichuluke. Mukatero mwasukulutsa chilichonse nthawi imodzi.

Zowonjezera zimafunika kwenikweni kwa amene akudzipangira chakudya kuyambira pa chimanga ndi soya.

2. Konzani chimanga ndi soya musanaganize za zowonjezera

Chimanga chili ndi mapuloteni pafupifupi 8 kapena 9 peresenti, soya wokazinga pafupifupi 36 mpaka 38, keke ya soya 44 kapena kuposerapo. Anapiye amafuna chakudya cha mapuloteni 21 mpaka 23 peresenti, zapakati 19 mpaka 21, zomalizira 18 kapena 19. Palibe premix amene angakonze chakudya choperewera pamenepa.

Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni. Nkhuku yodya soya wosapsa imadya koma osakula, zitosi zake zimamata kumbuyo, ndipo mukaitumbula mupeza kapamba wotupa. Kazingani pamoto wapakati mukutakasa osaleka, mpaka njere mukaiswa ikhale yofiirira pang'ono mkati ndi kununkhira ngati mtedza wokazinga. Lawani: ikamamvekabe chiwisi, sinapse. Njira ina n'kuwiritsa kwa mphindi 30 kuchokera pamene madzi ayamba kubwadamuka, kenako n'kuyanika mpaka gwa.

Chenjezo: soya wopserera, wakuda, wataya lysine wake. Wosapsa ndi wopserera onse amabweza nkhuku m'mbuyo.

Chimanga chikhale choti inuyo mungadye. Chizolowezi chosankha chimanga chowola n'kunena kuti ichi ndi cha nkhuku chimapha phindu, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kufooketsa katemera. Toxin binder amathandiza pa chuku chochepa chosaoneka ndi maso, makamaka m'miyezi ya dzinja, koma sangatsuke chimanga chobiriwira.

3. Yezani chowonjezera chilichonse payekhapayekha

Cha anapiye, tsiku 1 mpaka 14: chimanga makilogalamu 54, keke ya soya 27, soya wokazinga 15. Zowonjezera: MCP magalamu 1,600, laimu 1,300, mchere 300, premix 250, methionine 250, lysine 200, toxin binder 100.

Cha zapakati, tsiku 15 mpaka 28: chimanga makilogalamu 60, keke 18, soya wokazinga 18.5. Zowonjezera: MCP magalamu 1,400, laimu 1,100, mchere 300, premix 250, methionine 200, lysine 150, toxin binder 100.

Chomalizira, tsiku 29 mpaka kugulitsa: chimanga makilogalamu 64, keke 12, soya wokazinga 21. Zowonjezera: MCP magalamu 1,100, laimu 1,000, mchere 300, premix 250, methionine 150, lysine 100, toxin binder 100.

Mlingo wa premix wa magalamu 250 ndi wa mtundu wolembedwa kuti makilogalamu 2.5 pa tani imodzi. Ulipo wina wa makilogalamu 3, wina wa 5, wina woposerapo umene uli kale ndi lysine ndi methionine. Werengani pathumba, gawani nambala ya pa tani ndi 10, ndipo yankholo ndi la makilogalamu 100. Onaninso ngati choline, chofunika m'thupi chonga vitamini, alimo. Akasowa, amagulidwa padera.

Pa zonsezi, methionine ndiye amene alimi amakonda kumusiya chifukwa kapaketi kake n'kodula, komatu ndi amene kusowa kwake kumaonekera msanga. Chimanga ndi soya zonse zili ndi methionine wochepa. Thupi la nkhuku limamanga mnofu molingana ndi chimene chaperewera kwambiri, monga ndowa yobooka pambali imasunga madzi kulekeza pabowopo. Mapuloteni ena onse otsala amangotuluka ndi zitosi, n'chifukwa chake khola limanunkha kwambiri pamene nkhuku sizikukula. Zizindikiro zake ndi nthenga zochedwa kumera, kujomphana, ndi chidali chowonda chokhala ndi mafuta ambiri kumimba. Komabe musapyole mlingo poganiza kuti zikula msanga: methionine akachulukitsa, nkhuku zimachepetsa kudya.

Lysine ndiye womanga nyama ya pachidali. Soya ali naye wambiri, n'chifukwa chake mlingo wake ndi wocheperapo. Mukalowetsa keke ya mpendadzuwa kapena ya mtedza m'malo mwa soya wina, lysine ayenera kukwera.

MCP ndi laimu zimayendera limodzi. Laimu amapereka calcium, MCP amapereka phosphorus, ndipo nkhuku imafuna calcium wochuluka pafupifupi kawiri kuposa phosphorus amene thupi lingagwiritse ntchito. Phosphorus wambiri wa m'chimanga ndi soya ndi womangika, nkhuku siingamutenge. Laimu ndi wotchipa, MCP ndi wodula, choncho anthu amachulukitsa laimu n'kuchepetsa MCP. Zotsatira zake zimaoneka sabata yachiwiri kapena yachitatu: anapiye okhala pansi pafupi ndi chodyera, oyenda ndi zigongono, mlomo wofewa woti mungaupinde ndi zala. Ngati mwapeza DCP m'malo mwa MCP, onjezani ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo chepetsani laimu ndi magalamu 300 kapena 400, poti DCP ali ndi calcium wambiri.

Chenjezo: laimu akhale wa ziweto. Laimu wopaka nyumba amawotcha m'kamwa ndi m'matumbo. Laimu wa kumunda wa dolomite ali ndi magnesium wambiri ndipo amatsegula m'mimba.

Ngati mukuikamo usipa kapena nsomba zina zogaya, musapyole makilogalamu 5 pa 100, chepetsani mchere ngati nsombazo zinali zothira mchere, ndipo zichotseni m'chakudya chomalizira kuti nyama isanunkhe nsomba.

4. Sakanizani kuyambira pa zochepa kupita pa zambiri

Apa ndi pamene chakudya chabwino papepala chimasanduka choipa m'khola. Mwanapiye wa masiku atatu amadya magalamu osakwana 20 pa tsiku. M'timagalamu timeneto muyenera kupezeka kachigawo kake ka premix, ka mchere, ka methionine. Mukangowaza magalamu 250 a premix pamwamba pa mulu wa makilogalamu 100 n'kutembenuza kawiri, anapiye ena adya wochuluka, ena sadya n'komwe, ndipo pa sabata yachitatu mudzaona nkhuku za msinkhu umodzi zosiyana ngati mayi ndi mwana.

Chitani motere. Sefani mchere, premix, methionine, lysine ndi toxin binder m'beseni louma, mukuphwanya zibuluma zonse. Zikwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Thiranimo kilogalamu imodzi ya chimanga chogaya chosalala, sakanizani ndi manja mpaka mtundu ukhale umodzi. Onjezani makilogalamu awiri, sakanizani. Onjezani anayi, sakanizaninso. Tsopano thirani MCP ndi laimu, sakanizani komaliza. Muli ndi makilogalamu 10 kapena 11.

Yalani chimanga chotsala pa tenti, soya pamwamba pake, kenako wazani za m'beseni zija ponseponse. Ndi fosholo, samutsani mulu wonse kuupititsa mbali ina, fosholo iliyonse mukuithira pansonga pa mulu watsopano kuti ufa uzitsetsereka mbali zonse. Bwerezani kasanu.

Kuti mudziwe ngati zasakanikirana, ponyani m'beseni muja dzanja limodzi la mapira ofiira musanayambe. Pomaliza tapani kapu imodzi m'malo asanu osiyana a mulu n'kuwerenga njere zofiira. Kapu ina ikakhala ndi 20, ina ziwiri, bwererani ku fosholo.

Chigayo chisagaye chimanga ngati ufa wa nsima. Nkhuku zimatola njere zazikulu n'kusiya fumbi pansi pa chodyera, ndipo zowonjezera zonse zili m'fumbimo. Mafuta a soya wokazinga amathandiza kuti fumbilo limatirire ku njere. Kamodzi pa tsiku, kuyambira sabata yachiwiri, zisiyeni zimalize za m'chodyera musanathiremo china, ndipo fumbi lotsalalo musataye.

Sakanizani chakudya chokwanira masabata awiri basi. Nkhuku 100 zimadya pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 m'masabata awiri oyamba, matumba atatu m'masabata awiri otsatira, ndi anayi kapena asanu m'awiri omaliza. Chakudya cha soya wamafuta chikakhalitsa chimayamba fungo, ndipo mafuta owonongekawo amapha mavitamini A ndi E. Matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma.

5. Mankhwala oteteza kutsegula kwa magazi

Matenda a coccidiosis amakonda kugwira pakati pa sabata yachitatu ndi yachisanu, makamaka utuchi ukanyowa. Chakudya cha kukampani nthawi zambiri chimakhala ndi mankhwala oteteza, monga salinomycin kapena monensin. Chodzipangira chilibe, pokhapokha premix wanu atalembedwa kuti ali nawo. Mankhwalawa mlingo wake ndi wochepa kwambiri ndipo mpata pakati pa wothandiza ndi wopha ndi waung'ono, choncho osakaniza ndi fosholo asagule aufa okhaokha. Gulani premix amene ali nawo kale, kapena sungani amprolium wothira m'madzi ndi kutsatira malangizo a mlangizi wa ziweto.

Chenjezo: salinomycin ndi monensin sizigwirizana ndi tiamulin, mankhwala amene amaperekedwa pa chifuwa cha nkhuku, zikakumana nkhuku zimafa ziwalo. Chakudya chokhala ndi salinomycin chimapha nkhukundembo ndi akavalo. Ndipo pamene mukupereka amprolium, imitsani mavitamini a m'madzi, chifukwa mankhwalawa amagwira ntchito potsekereza vitamini B1 ku tizilombo toyambitsa matendawa.

6. Zothira m'madzi: liti, kwa masiku angati

Anapiye akangofika atayenda ulendo wautali, apatseni madzi a glucose, magalamu 50 pa lita, kwa maola ochepa oyamba okha, chakudya chili pomwepo papepala. Kenako tsukani zomwera. Madzi a shuga akagona amaswa tizilombo ndipo amamatitsa zitosi kumbuyo kwa anapiye. Mavitamini a m'madzi, amene ambiri amawatcha stress pack, perekani masiku atatu kapena asanu oyamba, ndi tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pa katemera wa chitopa ndi wa gumboro. Pakatha maola 24, gwirani anapiye 20 n'kukhudza chithokomiro: pafupifupi onse akhale ndi chodzadza, chofewa ngati phala. Cholimba gwa chikusonyeza kuti sakumwa, chamadzi okhaokha kuti sakudya.

Kupereka mavitamini tsiku lililonse mpaka kugulitsa kulibe phindu kwa nkhuku zodya chakudya chokwanira. Kumangosiya ndere m'zomwera.

M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, nkhuku za masabata anayi kupita m'tsogolo zimapuma wefuwefu, mapiko ali tambalale, ndipo zimasiya kudya. Apa vitamini C ndi ma electrolyte (michere yobwezeretsa imene thupi lataya) amathandizadi. Perekani m'mawa dzuwa lisanakwere, m'madzi ozizira, pa mlingo wa papaketi. Mgolo wa madzi ukhale pamthunzi. Nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri chakudya chimene yadya, ndipo kukatentha imaposa apo. Madzi akafunda siimwa, ndipo yosamwa siidya.

Ma probiotic ndi tizilombo tamoyo tothandiza m'matumbo. Amathandiza kwambiri sabata yoyamba ndi pambuyo pa mankhwala a antibayotiki. M'madzi a chlorine amafa, monga amaferanso katemera wa m'madzi. Ngati mukugwiritsa ntchito madzi a pampopi, atungeni dzulo lake n'kuwasiya osavundikira.

7. Chammwamba, adyo ndi zina za kumunda

Masamba a chammwamba oumitsa pamthunzi n'kusinja ali ndi mapuloteni opitirira 25 peresenti, ndipo amapatsa khungu ndi miyendo mtundu wachikasu umene ogula ambiri amaukonda. Makilogalamu 2 kapena 3 pa 100, kuyambira sabata yachitatu, ndi okwanira. Mukapyola 5, nkhuku zimachepetsa kudya chifukwa cha kuwawa ndi ulusi wa masambawo, ndipo kukula kumabwerera m'mbuyo. Chammwamba sichilowa m'malo mwa premix kapena methionine.

Adyo ndi jinja zouma zogaya anthu amaziika pang'ono, theka la kilogalamu pa 100 kapena kucheperapo. Zotsatira zake pa kulemera zimasiyanasiyana khola ndi khola, ndipo sizichiza chitopa, ngakhale anene ndani. Chitopa ndi katemera basi.

Ma enzyme (zothandiza kugaya chakudya m'mimba), makamaka phytase, ndi nkhani ina. Phytase amamasula phosphorus womangika uja, kotero MCP angachepe ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa 100. Koma mlingo wake ndi magalamu ochepa kwambiri, ovuta kuwamwaza ndi fosholo. Phindu lake lili kwa amene ali ndi makina osakanizira kapena ogula premix amene phytase alimo kale.

8. Lolani sikelo iweruze

Yezani anapiye tsiku lofika. Amalemera magalamu 40 mpaka 45. Tsiku la 7 ayenera kulemera kanayi kapena kuposerapo, magalamu 170 mpaka 200. Mabuku a mitundu ya broiler ya Ross 308 ndi Cobb 500 amaika pafupifupi theka la kilogalamu pa tsiku la 14, pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku la 21, ndi makilogalamu opitirira awiri pa tsiku la 35. Amenewo ndi manambala a makola abwino kwambiri odyetsa chakudya cha timibulu. Chakudya chaufa chodzipangira chimatsalira pang'ono, koma mukatsalira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, pali chimene chalakwika.

Yezani sabata iliyonse, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo. Musasankhe ndi maso, chifukwa dzanja limathamangira zonenepa. Tchingirani ngodya imodzi ya khola ndi kuyeza zonse zimene zatsekeredwamo, zosachepera 10 pa nkhuku 100.

Kenako werengani chakudya chimene chapita pa kilogalamu iliyonse ya nkhuku. Mwachitsanzo, nkhuku 100 za makilogalamu awiri iliyonse zikadya makilogalamu 360, gawani 360 ndi 200, mupeza 1.8. Nambala imeneyi ikamatsika, zinthu zikuyenda.

Wogulitsa akakuuzani za chowonjezera chatsopano, musachipereke kwa nkhuku zonse. Dulani khola pakati ndi waya, nkhuku 50 uku 50 uko, tambala ndi misoti mofanana, chakudya chimodzimodzi, kusiyana kukhale chowonjezeracho chokha. Lembani chakudya cha mbali iliyonse padera. Chikatsitsa nambala ija kuchoka pa 1.9 kufika pa 1.8, ndiye kuti chapulumutsa magalamu 200 pa nkhuku ya makilogalamu awiri, kapena makilogalamu 20 pa nkhuku 100. Ngati mtengo wake ukuposa wa makilogalamu 20 a chakudya, chisiyeni pa shelefu.

Zolakwika zofala

Kugwiritsa ntchito premix kapena chakudya cha nkhuku zamazira. Chakudya cha zoikira chili ndi calcium pafupifupi kanayi kuposa chimene broiler imafuna. Impso zimawonongeka, ndipo mukatumbula mupeza zoyera ngati choko pamtima ndi pachiwindi.

Kugula premix wopima m'timapepala topanda lebulo, woyalidwa padzuwa. Mavitamini amafa ndi kutentha, kuwala ndi chinyezi, koma ufawo umaonekabe bwinobwino. Mudzadziwa mukaona zala za anapiye zitapindikira mkati, chizindikiro cha kusowa kwa vitamini B2, kapena mwendo utapotokera kunja pa mfundo chifukwa cha kuchepa kwa manganese kapena choline, kapenanso anapiye akuzandima n'kugwa chagada chifukwa cha vitamini E. Gulani thumba lomata, onani tsiku lothera ntchito, ndipo mukatsegula limangeni n'kulisunga m'chidebe chotseka.

Kuthira mchere kawiri, wina wa muyezo, wina wobwera ndi nsomba kapena concentrate. Utuchi umanyowa tsiku lomwelo, mapazi amachita zilonda, ndipo anapiye ena amatupa mimba ndi madzi.

Kudzaza chakudya ndi madeya. Madeya ndi otchipa pa thumba koma ali ndi mphamvu zochepa ndi makoko ambiri. Kwa anapiye asapezekemo. Kwa zazikulu asapyole makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100.

Kusintha chakudya mwadzidzidzi. Pochoka pa cha anapiye kupita pa cha zapakati, sakanizani theka ndi theka kwa masiku awiri kapena atatu.

Kupereka maantibayotiki ngati chonenepetsa. Ma booster ena ali ndi oxytetracycline mkati. Werengani tizilembo ting'onoting'ono ta papaketi. Mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 2006, chifukwa tizilombo timazolowera ndipo mankhwala amasiya kugwira ntchito kwa ziweto ndi anthu omwe. Mankhwala a anthu, a mtundu uliwonse, asalowe m'khola. Ngati nkhuku zinadwaladi n'kulandira mankhwala, werengani masiku odikira olembedwa pa lebulo kuyambira tsiku lomaliza kupereka, ndipo lembani m'kope tsiku loyamba limene zingaphedwe musanalonjeze wogula aliyense.